Basi Yathu Inathera pa Mlangeni

Amene sanagwirepo ntchito ya m'nyumba sadziwa kuti Loweruka ndi Lamulungu umachita kupempha ngati mchere kwa aneba. Ine ndinayamba kupempha nthawi ya Pasaka, ndipo amadamu anga a ku Area 18 ku Lilongwe anadzandiyankha mu Juni, akudzipaka zofiira m'milomo pagalasi.

"Upite Loweruka lino, Felesiya. Koma Lamulungu madzulo ndikuone muno. Lolemba ndikulawirira m'bandakucha, ndili ndi wekishopu kunyanja sabata yonse, ndipo ana sindingawasiye ndi bambo awo. Ukapanda kufika usadzavutikenso n'kubwera. Ukudziwa wekha kuti pageti pamagogoda atsikana tsiku lililonse."

Ndinathokoza mpaka kugwada. Sanali munthu woipa ayi, koma akanena chinthu sankabweza mawu, ndipo ntchito imeneyo ndiyo inkadyetsa a kumudzi kwathu.

Kwathu ndi ku Phalombe, kuseri kwa Migowi. Kumeneko ndinasiya mwana wanga Tadala m'manja mwa mayi anga, bambo ake atalowera ku Joni osatembenukanso. Ndinamusiya akuphunzira kumene kulankhula, ndipo pofika chaka chimene ndikunenachi, chapakati pa zaka za m'ma 2000, anali atatsala pang'ono kuyamba sitandade wani. Pakati ponsepo sindinamuoneko. Ndinkasambitsa ana a eni, kuwapesa, kuwaimbira kuti agone, kenako n'kuyenda wapansi kubwerera ku Mgona, kukatsegula kachipinda ka lendi momwe munalibe wondifunsa kuti ndaswera bwanji. Lachinayi ndinapita pa kanyumba koimbirako foni n'kuimbira bambo wina wa golosale ku Migowi kuti akawauze mayi kuti Felesiya afika Loweruka madzulo. Ndinadziwa kuti uthenga wotere sungamuphonye mwana.

Ndinasankha basi yaikulu, ya kampani ija imene tonse tinakula tikukwera. Mayi anga ankati minibasi ndi bokosi la maliro lokhala ndi matayala, pomwe basi yaikulu, ngakhale ichedwe, imakufikitsa. Mtengo wake unalinso wotsikirapo. Ndalama zanga zinali zoyeza: ya tikiti, ya matola kuchokera ku Limbe, ndi yobwerera imene ndinamanga pakona ya chitenje n'kulumbira kuti sindiikhudza. M'chikwama munali diresi lachikasu la pa kaunjika, nsapato zimene ndinachita kuganizira saizi yake, shuga ndi sopo.

Pa depoti ndinafika kukuzizira. Anatiuza kuti basi inyamuka posachedwa, ndipo posachedwa wa pa depoti amamudziwa aliyense. Tinakhala pa mabenchi mpaka dzuwa linatipeza. Kuseri kwa mpanda wa waya kunali mabasi ambirimbiri atakhazikidwa pa miyala ndi pa zitsa, opanda matayala, ena opanda magalasi, udzu utamera mpaka m'masitepe. Anthu a pa depoti ankakutchula kuti kumanda. Amakaniko ankalowako ndi wilibala yopanda kanthu n'kutulukako itadzaza zitsulo. Ine ndinangoti akusesa.

Basi yathu inali chapafupi pomwepo, pansi pake pakuoneka miyendo ya munthu wovala ovolosi. Atatuluka munthuyo n'kupukuta manja, anatiuza kuti tikwere. Mkati mwake mipando inali yamitundumitundu ngati ya pa ukwati wa kumudzi, ina yofiira, ina yabuluu. Zenera lina linali lotseka ndi bolodi, ndipo chitseko ankachimanga ndi linya. Titakhazikika bwinobwino, kondakitala anaomba m'manja.

"Azibambo, tatsikani pang'ono tiikankhe iyi. Ikangodzuka basi, sivutanso."

Azibambo anatsika akung'ung'udza, anakankha, basi inakhosomola kenako inalira. Tonse tinaseka. Ngakhale ine ndinaseka, pakuti mtima wanga unali utafika kale ku Migowi.

Amene ndinakhala nawo mpando umodzi anali bambo achikulire ovala jekete la ulonda lothetheka. Nditawapempha kuti andisuntire chikwama, anandiyang'anitsitsa.

"Kodi mayi, lilime limeneli si la kwathu ku Phalombe?"

Dzina lawo anali Bambo Namacha. Anagwira ulonda m'tauni zaka zambiri akukhala ku Chinsapo, ndipo tsopano maso anali atayamba kuchita chifunga, abwana awo n'kuwauza kuti akapume. Pamwamba pa basi panali matiresi awo, njinga ndi malata angapo. Mudzi wawo unali tsidya lina la mtsinje kuchokera kwathu, ndipo mayi anga ankawadziwa ndi dzina la kumtundu.

"Ine ndiye ndilibe changu, mwana wanga," anatero. "Ndikupita kukakhala. Inu ndi amene mukuthamanga."

Pa Nathenje tinaima popanda wotsika kapena wokwera. Kondakitala anatuluka ndi chigubu cha oyilo n'kukathira mu injini. Pa Chimbiya anathiranso, fungo la kanyenya likulowa m'mazenera, ine ndikudya mbatata yanga yowiritsa mobisa ngati ndaba. Pa Dedza ndiye tinakhalitsa. Adalaivala, bambo wonenepa wa imvi m'mbali, anagwada n'kusuzumira pansi pa basi, ndipo atadzuka panali patadontha kale tinthu takuda pa phula. Mayi wina wa matumba a nyemba anawafunsa ngati tifike.

"Mayi, ine basi imeneyi ndakhala nayo kuposa mkazi wanga. Imangofuna kuinyengerera."

Anainyengereradi mpaka pa Lizulu, pomwe anthu anagula kabichi ndi mbatata ya kachewere kudzera pa zenera ngati palibe vuto. Koma titangopitirira pang'ono, tisanalowe pa Mlangeni, kutsogolo kunayamba kumveka ngati munthu akumenya mgolo ndi nyundo. Kugogodako kunakula, utsi wonunkha unalowa mkati, basi inayenda yokhayokha kamtunda pang'ono n'kuima m'mbali mwa msewu. Adalaivala anakhala manja ali pa chiwongolero, kenako ananena mawu amodzi okha, osatembenuka.

"Yanoka."

Injini inali itafa. Kondakitala anatifotokozera lamulo la kampani, ndipo ankaoneka kuti walinena kambirimbiri. Ndalama sabweza panjira. Tikiti ikadali ndi ntchito pa basi ina iliyonse ya kampani yomweyo. Wofuna adikire, wosafuna adzionere yekha.

Amatumba olemera anadzionera okha. Maminibasi ankaima ngati akhungubwe aona nyama, ndipo makondakitala ake ataona kuti tili pamavuto anakweza mtengo osachita manyazi. Ndinamasula mfundo ya pa chitenje, n'kuyang'ana, n'kumanganso. Ndikanadya ndalama yobwerera ndikanafika ndithu usiku womwewo, koma kumudzi kunalibe woti angandipatse ina, ndipo kutsakamira kumeneko kunali kutaya ntchito komwe. Bambo Namacha anandiona ndikulimbana ndi mfundoyo.

"Dekhani, mwana wanga. Kampani yaikulu ngati imeneyi singatisiye pathengo. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Chakumadzulo inabweradi basi ina ya kampani, itadzaza mpaka pakhomo. Pachitseko panali nkhondo. Anyamata analowera m'zigongono, wina anandiponda phazi, wina anandikoka chikwama mpaka chogwirira chinaduka. Pamene ndimatola sopo pansi, basi inali ikunyamuka, kondakitala wathu atalendewera pa sitepe.

"Ndikukanena ku Ntcheu! Tikutumizirani ina pompano!"

Tinatsala ochepa: ine, Bambo Namacha amene sakanasiya malata awo, amayi awiri a matumba a nyemba, ndi adalaivala, amene lamulo silinkawalola kuchoka pa basi yakufa kuopa kuti anthu angaisasule. Pamalo amenewo msewu ndiwo malire. Kumanzere ndi kwathu, kumanja ndi ku Mozambiki, komwe kunali mabwinja a masitolo opanda madenga, otsala pa nkhondo. Dzuwa linalowera kumeneko. Ndinaliyang'ana likutsika ndipo ndinadziwa kuti nthawi yomweyo ku Migowi kuli kamtsikana kosamba bwino, kopakidwa mafuta, kaima pomwe amatsikira a matola, kakuyang'ana mayi aliyense wotsika. Sindinadziwe n'komwe ngati akanandizindikira. Chimenecho ndicho chinandiliza, ndipo ndinalira ndithu, nditafundira chitenje kumaso.

Tinagona m'basi momwemo. Kuzizira kwa ku Ntcheu mu Juni sikofuna kufotokoza, amene akukudziwa akukudziwa.

Kutacha ndinadzuka ndi nzeru zatsopano. Ndinawerengera kuti basi ikabwera dzuwa lisanakwere, ndikhoza kufika kumudzi masana, kumunyamula mwana wanga, kumuveka diresi lake, kumwa madzi, n'kutembenuka. Ndikakwera ya usiku ku Blantyre n'kufika ku Area 18 amadamu asanatseke sutikesi. Ndikawagwadira, mwina akandimvera chisoni. Zinali nzeru za munthu wosowa pogwira, koma zinandipatsa mphamvu zosukusula kumaso.

Anthu opita kutchalitchi ankadutsa atavala zoyera n'kumationa ngati ndife a pa chionetsero. Mayi wina wa m'mudzi wapafupi anatibweretsera tiyi wopanda mkaka m'ketulo. Adalaivala anakhala pa mwala kapu ili m'manja, maso ali psuu, ndipo anayamba kuyankhula osafunsidwa.

"Kale basi ikafika pa depoti inkalowa pa dzenje usiku womwewo. Ankaiona pansi, ankaiona pamwamba, ukadandaula kuti chakuti chikulira m'mawa umapeza chatsopano. Panopa ukakanena amati sitolo ilibe kanthu, ingoyendani, tidzaona. Oyilo ameneyu ndadandaula mpaka kukamwa kuuma. Mukuiona basi iyi? Awa ndi mabasi atatu. Giyabokosi ndi ya ina, mipando ya ina, chake chenicheni ndi nambala yokha. Chatsopano chimene ilinacho ndi redieta basi, ndipo imeneyonso ndinachita kuimenyera nkhondo."

Sindinkadziwa kuti redieta n'chiyani. Anandilozera chitsulo chachikulu cha timabowotimabowo chokhala kutsogolo kwa injini, n'kuti ndimo mumakhala madzi oziziritsa. Anachisisita ngati mmene munthu amachitira ndi ng'ombe yake.

Dzuwa litayamba kutentha m'khosi, kunatulukira pikapu ya kampani kuchokera mbali ya ku Ntcheu, kumbuyo kuli amakaniko awiri ndi bokosi la zida. Amayi a nyemba anaimba nthungululu. Ine ndinadzuka n'kukonza mpango kumutu ngati ndaona abale. Wamkulu wawo, bambo wamtali wosaseka, anatsika kutsogolo, anatipatsa moni mwaulemu, anasuzumira mu injini, anagwiragwira, n'kupukusa mutu. Kenako anauza anzakewo kuti ayambepo.

Apa ndi pamene ndimadziseka mpaka lero, ngakhale kuseka kwake n'kowawa. Tonse tinathamangira kukathandiza. Bambo Namacha anatsitsa kathumba ka zida za njinga n'kuwabwereka sipanala imene iwo analibe. Amayi a nyemba anapita kukatunga madzi pa mjigo kuti akamaliza kukonza athire. Ine ndinagwada pafupi ndi wamng'ono wa amakanikowo nditatambasula chitenje, iye akamasula bawuti n'kumaponya momwemo kuti isasowe mu udzu. Ndinkawasamala mabawutiwo ngati mazira. Ndinamuuzanso za Tadala, kuti akundidikira, kuti achite changu. Iye anangoweramira pa ntchito yake. Adalaivala okha ndi amene anaima patali, manja kumbuyo.

Redieta ija inatuluka. Anainyamula awiri ngati chitseko, ndipo m'malo moiika pansi kuti aione, anapita nayo molunjika ku pikapu n'kuigoneka pa masaka. Wamng'ono uja anabwerera, anandilanda mabawuti m'chitenje mwaulemu, n'kuwathira m'thumba la ovolosi.

"Kodi mukupita nacho kuti chimenecho?" ndinafunsa.

Anayankha ndi wamkulu uja. "Ku Ntcheu, mayi. Kuli inzake yaphulika redieta dzulo, injini yake ndi yabwinobwino. Ili ndi anthu opita ku Lilongwe."

"Nanga ifeyo?"

"Iyi ndi maliro, mayi. Injini ikanoka si za pamsewu. Abwana ati kusiyana n'kuti afe mabasi awiri, bola ife imodzi."

"Ndiye mwabwera kudzaba, osati kudzakonza!" anakuwa mmodzi wa amayi aja, ndowa ya madzi idakali pamutu.

"Sitikuba, mayi, tikubwereka. Iyi ikadzapeza injini tidzabweza."

Adalaivala anaseka kuseka kouma. "Mudzabweza? Chimene munabwereka n'kubweza n'chiti? Nenani chimodzi chokha, a Phiri. Mukudziwa kuti ikachoka redieta imeneyi basi iyi ikupita kumanda, ndipo ine ndizikakhala pa benchi."

Wamkulu uja sanakangane nawo. Anangoti, "Pepani, akulu, ndatumidwa," n'kuuza anyamata ake kuti atengenso mabatire. Ndinawapempha kuti anditengeko mpaka pa Ntcheu. Anati galimoto ya kampani saloledwa kunyamula anthu, komanso kumbuyo kwadzaza. Za basi yotitenga anati ya masana ikhoza kuima ngati ili ndi malo, apo ayi mawa. Sipanala ya Bambo Namacha anabweza, zimenezo ndisawanamizire.

Pikapu itapita ndinayang'ana chithunzithunzi changa pa phula. Chinali chitalowa pansi pa mapazi. Ngakhale ya masanayo ikanabwera nthawi yomweyo, ku Migowi ndikanafika kutada, matola obwerera atatha, ndipo Lolemba likanandipeza kumudzi. Ndinakhala m'mbali mwa ngalande nthawi yaitali. Ndinakwiyira amakaniko, ndinakwiyira kampani, ndinakwiyira amadamu, ndinakwiyira ngakhale mayi anga ndi nzeru zawo za basi yaikulu. Kenako mkwiyo unatha n'kutsala chinthu chimodzi chokha: mwana amafuna kuona mayi ake, koma amafunanso kudya, ndipo ziwirizo sizinkakwanira m'dzanja langa nthawi imodzi.

Ndinatenga chikwama n'kupita kwa Bambo Namacha.

"Bambo, munati mudzi wa kwathu mukuudziwa."

Anandiyang'ana ndi maso awo achifunga, ndipo anamvetsa ndisanamalize. Analandira chikwamacho ndi manja awiri n'kuchiika pa miyendo.

"Ndikafikitsa ndekha, sindikatuma munthu. Koma mwanayo akandifunsa ndikati chiyani?"

"Mukamuuze kuti basi inafa."

"Mwana sadziwa za basi, mayi."

"Mukangomuuza kuti mayi ake ananyamuka ndithu. Anafika mpaka pa Mlangeni."

"Pa Mlangeni," anabwereza pang'onopang'ono, ngati akuopa kuiwala.

Ndinawoloka msewu n'kukaima mbali ya ku Mozambiki, komwe amaimira opita ku Lilongwe. Ndinali ndekha kumeneko, wopanda katundu, ngati munthu wongopita pa chigayo. Anzanga aja ankandiyang'ana ali tsidya lina, koma panalibenso choti tikambirane.

Dzuwa litapendeka inatulukira basi ya kampani kuchokera ku Ntcheu, ikuthamanga bwino, injini ikulira mosalala. Dalaivala wake analiza hutala kupereka moni kwa mnzake, koma adalaivala athu sanakweze dzanja. Ndinalikweza ine, basi n'kuima. Kondakitala wake anali mnyamata wanthabwala.

"Kwerani, masiteni, musaope! Iyi sigona panjira, yangoikidwa kumene redieta yanyuwani!"

Ndinamasula mfundo ija n'kumupatsa. Sananame. Basi imeneyo sinaime pa Dedza kuti aione pansi, sinafune oyilo pa Chimbiya, inangoyenda ngati yogula dzulo. Anthu amene anagona ku Ntcheu ankayamika Mulungu ndi amakaniko anzeru. Ine ndinakhala pafupi ndi zenera n'kumadana nayo njira yonse, ndipo sindinauze aliyense kuti mabawuti amene akugwira chitsulo chimenecho anadutsa m'chitenje changa.

Ku Lilongwe tinafika magetsi akuyaka kumene. Sindinapite ku Mgona, ndinalunjika ku Area 18. Ana a amadamu anandithamangira pageti, wamng'ono anandikwera m'chiuno n'kundigwira m'khosi ndi timanja tonata jamu. Amadamu anali pabalaza akupinda zovala m'sutikesi, ndipo atandiona nkhope yawo inamasuka.

"Eee, Felesiya, wasunga pangano! Ndimadziwa kuti iweyo sungandigwiritse fuwa lamoto. Kumudzi kuli bwanji? Nanga mwana?"

Ndinamutsitsa mwana wawo pansi n'kuyamba kumupukuta manja.

"Wakula," ndinatero.

Sindinaname kwenikweni. Ana amakula ndithu, mayi awo aone asaone.